Ndinapita ku Apilo ndi Mawu Anga

Mwana wanga wachisamba anamangidwa chifukwa cha imfa ya malume ake, mlongo wanga wa bere limodzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu kuno ku Bindura amakonda kuzilambalala akamacheza nane, ngati akulambalala dzenje la okumba golide m'thengo. Woweruza anati anapha dala, n'kumupatsa zaka zochuluka zoti ine, ndi miyendo yangayi ndi mtima wothamangawu, sindikanazifika. Akanadzatuluka n'kupeza udzu utamera pa ine.

Ife tinabadwira m'komboni ya mgodi ku Shamva, ndipo amene tinakula tinali awiri, ine ndi achimwene. Makolo athu anachokera ku Dedza. Kumeneko sitinakuone ndi maso, tinkangokumva m'kamwa mwa amayi akamasenda nyemba: kuti kuli phiri lovala nkhungu, kuti ana ndi a mkazi, ndipo mwini wake wa ana si bambo awo koma malume. Za phirizo achimwene analibe nazo ntchito, koma za umalumezo anazigwira ali ndi kabudula wong'ambika. Bambo wa ana anga atakwera basi ya ku Malawi osabwereranso, ndi achimwene amene ankalowa pansi pa nthaka kuti ana anga avale yunifolomu. Ankatuluka mu mgodi ali mbuu, maso okha akuphethira, n'kumunyamula wachisambayo paphewa atamuveka chisoti cha nyali.

"Uyu ndi wanga," ankatero. "Iwe unangondisungira m'mimba."

Chifuwa chitawachotsa ntchito, anakakhala ku Masembura kwawo kwa akazi awo, alamu anga, mayi wa Chishona wosalankhulalankhula, wa manja olimba ngati a mwamuna. Kumeneko anali ndi kamunda ndi khola.

Mwana wanga wamkazi, amene tsopano ali ndi nyumba ku Aerodrome ndipo amapemphera kutchalitchi cha magitala, anakwatiwa ndi mnyamata wa Chishona. Kwathu mkamwini ankangobwera kudzalima, ng'ombe sizinkayendera mkazi. Koma kuno mkazi wosalipiridwa roora, malowolo a Chishona, amasekedwa pamjigo, ndiye nafenso tinalandira. Ine m'komboni ndikanazimangirira kuti ng'ombezo, pa waya woyanika zovala? Zinapita kukhola la achimwene.

Mavuto anayambira pamenepo. Wachisamba wanga anakulira pakati pa Ashona, ndipo iwo amati ng'ombe za mlongo ndi zimene zimakwatirira mchimwene wake. Anali ndi mtsikana woyembekezera, makolo a mtsikanayo akumufunsa ng'ombe. Achimwene ankati mbumba ndi yawo, chilichonse cholowa chifukwa cha mbumba chili m'manja mwawo, adzapereka nthawi imene iwo aone. Wina ankalondola ndi malamulo a ku Dedza, wina ndi a ku Bindura, ndipo onse ankadzatula kwa ine.

"Amayi, auzeni alongo anuwo. Akulimira ng'ombe zanga ngati anaziberekera okha."

"Chemwali, kamnyamata kakoka kayamba kumera mano. Ine ndinkakapukuta mamina, lero kakundiwerengera miyendo ya ng'ombe?"

Ine ndinkangoti zitha, ndi amuna, akamwa mowa limodzi zitha.

M'mawa wina, dzuwa litangotuluka, mwanayo anafika ku Masembura ndi chingwe kuti atengeko imodzi. Anasolola mtengo wotsekera pakhomo pa khola. Achimwene anatuluka m'nyumba asanavale nsapato. Zimene zinachitika pakhomopo ine sindinazione. Ndikudziwa kuti achimwene anagwa, mutu unafikira pa chitsulo cha pulawo imene inali pomwepo, ndipo mwanayo anawabereka kumsana mpaka kumsewu wa mabasi akufuula kuti malume, malume. Anatsirizikira pamsana pakepo. Apolisi anamupeza atakhala m'mbali mwa msewu, malaya ali psuu, atagoneka malume ake pamiyendo.

Mlandu woyamba sindinaumve wonse. Tsiku limene alamu anaima kupereka umboni ndinali m'chipatala, atandilumikiza botolo la madzi pamkono. Mwana wanga wamkazi anangondiuza kuti, "Anena kuti anaona mtengo." Sindinafunsenso zambiri. Ndinangoti, ndiye amaliza mwana wanga amayi amenewa. Kuyambira pamenepo tikakumana pamsika ndinkayang'ana tomato.

Ine kukhoti sanandiitane. Anati sindinalipo, ndiye palibe chimene ndikudziwa. Ine amene ndinayamwa bere limodzi ndi wakufayo, n'kuyamwitsa womangidwayo.

Patapita nthawi mwana wanga wamkazi anabwera ndi loya, mtsikana woonda wa magalasi, amene anati mlanduwo ungathe kupita ku apilo, kubwalo lalikulu ku Harare. Ndinafunsa kuti apilo n'chiyani. Anati oweruza akuluakulu amauonanso mlandu. Zina zimene anawonjezera zinangodutsa, chifukwa mutu wanga unali utathamanga kale. Ine milandu ndimaidziwa. M'komboni, nkhani ikakanika kwa ankhoswe inkapita kwa akuluakulu a mpingo kapena a gule, ndipo kumeneko inkayambiranso pachiyambi, aliyense n'kuima, ngakhale amene anaiwalika poyamba. Mlandu wa malume ndi mphwake sungathe mkazi wapakati pawo asanatsegule pakamwa. Ndinati, basi, nthawi yanga yakwana.

Ndinayamba kukonza mawu. Kumbuyo kwa kumene ndimakhala kuli mulu waukulu wa mchenga woyera wotsala ku mgodi wakale, pamene sipamera kanthu. Masana dzuwa likakhwima ndinkatenga chiguduli n'kukakhala pansi pa mtengo moyang'anana nawo. Mphepo ikaomba, mchengawo umanyamuka ngati utsi, ndipo munthu ukayang'anitsitsa sudziwanso ngati uli maso. M'fumbi limenelo ndimo ankatulukira achimwene. Ankabwera ali mbuu monga kale, akukusa ng'ombe zija, iliyonse ili ndi nyali ya mu mgodi pamphumi, zikuyenda osamveka ziboda. Ankakhala patali pang'ono, n'kutsokomola, n'kundiyang'ana ngati akuti yamba.

Ndinkayamba. Akuluakulu, amene anafa ndi wanga, amene mwamanga ndi wanganso. Mlandu ndi umodzi koma mwanditengera awiri. Ndinkanena za chisoti cha nyali, za yunifolomu, za tsiku limene mwanayo anadwala malungo achimwene n'kugulitsa wailesi yawo. Ndinkanena kuti munthu wopita kukapha satenga chingwe cha ng'ombe, ndipo sabereka amene wamupha. Ndikawonjezera mchere, kuti mwana wanga sanayambe wakweza mawu kwa malume ake, achimwene ankatsokomola mwadala.

"Pamenepo wanama, chemwali. Kanali kamwano."

"Nanga inu simunali ouma mutu?"

"Zimenezonso unene."

Ndiye ndinkachotsa apa, n'kuika apo, ngati kusoka chigamba. Nthawi zina mvula inkatipeza tisanamalize, ng'ombe zija n'kusungunuka imodziimodzi, nyali zokha n'kutsala zikuyandama pamwamba pa mulu. Anansi ankati ndayamba kulankhula ndekha. Mwana wanga wamkazi anabwera ndi abusa ake kudzandisanjika manja. Ndinawalola, ndinawaphikira tiyi, atapita ndinatenga chiguduli changa.

Kundende ndinapitako kukamuona. Anali atameta mpala, khosi litatalika. Ndinamuuza kuti asadandaule, ku Harare ndikalankhula ndine. Anandiyang'ana nthawi yaitali kudzera pa waya, n'kungoti, "Chabwino amayi." Ndikuganiza kuti ankadziwa.

Tsiku la apilo tinakwera kombi ine ndi mwana wanga wamkazi. Ndinavala chitenje cha mpingo ndi nsapato zimene zimandiluma. Njira yonse sindinalankhule, kuopa kuti mawu angatayike. Ndinawagwira m'chifuwa ngati madzi odzaza m'chidebe. Minda ya malalanje inkadutsa pawindo, kenako dziwe lalikulu pakati pa mapiri, ndipo ndinaona ngati madzi ake akutsagana nafe mpaka m'tauni.

M'chipindamo munali mozizira, monunkha mafuta opukutira pansi. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwana wanga. Munalibe.

"Amubweretsa nthawi yanji?"

"Sabwera amayi. Ku apilo omangidwa sabwera nawo."

"Ndiye aweruza ndani?"

"Aweruza zimene zinalembedwa pa mlandu woyamba. Khalani phee."

Ndinakhala. Pa benchi yomweyo, kumapeto, panali mayi wovala zakuda, mapazi ali ndi fumbi lofiira la ku Masembura. Anali alamu. Anali atachepa, mpango utawakulira. Sanandiyang'ane, inenso ndinayang'ana kutsogolo.

Oweruza analowa atatu, n'kukhala pamwamba ngati mbalame zazikulu panthambi. Loya wathu anaima, nalankhula Chingerezi chofewa chosalekeza ngati mvula ya pamalata. Loya wa boma anaimanso. Oweruza ankatsegula mapepala, wina wamkazi n'kumafunsa funso limodzimodzi kangapo, wa boma n'kumakonza kolala. Ine ndinkadikira kuti atha liti kuti aitane anthu. M'kudikiramo maso analemera, ndipo ndinaona fumbi loyera likulowa pansi pa chitseko, likukwera m'miyendo ya mabenchi. Achimwene anali ataima kukhoma, chisoti chili m'manja mwaulemu. Anandikodola ndi chibwano.

Ndinaima. Ndinawomba m'manja katatu monga timachitira polowa m'bwalo, n'kuyamba, "Akuluakulu..."

Chipinda chonse chinatembenuka. Wapolisi wa pakhomo anayamba kubwera. Mwana wanga wamkazi anabisa nkhope. Ndiye dzanja lolimba linagwira chitenje changa kumbuyo n'kundikokera pansi.

"Garai pasi, tete," anatero alamu chapansipansi. Tete ndi mmene Ashona amaitanira mlongo wa mwamuna wawo. "Muno salankhula anthu. Mungamuonongere mwana."

Ndinakhala pansi. Woweruza wamkazi uja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, osati mwaukali, kenako anabwerera ku mapepala ake. Pasanapite nthawi onse atatu anaimirira n'kutuluka. Loya anatiuza kuti chigamulo adzapereka tsiku lina, iwo akaganiza.

Panja dzuwa linali lowala zedi, maluwa ofiirira a mitengo ya m'tauni atagwa mumsewu monse, anthu akuwaponda osawaona. Mwana wanga wamkazi anapita ndi loya kukamva zambiri. Ine ndinakhala pa kakhoma. Mawu aja anali akadali m'chifuwa, osachepa ngakhale dontho, akundilemera mpaka m'nthiti. Alamu anabwera n'kukhala, kusiya malo a munthu mmodzi pakati pathu.

"Mwabwera kudzatani?" ndinafunsa. "Kudzaonetsetsa kuti afere momwemo?"

"Ndabwera kudzamva dzina la amuna anga likutchulidwa. Kumudzi anthu aleka kulitchula." Chichewa chawo ndi chophunzira pa ukwati, chimatsimphina, koma chimafika. "Inu mumafuna kunena chiyani muja? Mwawomba m'manja ngati mwafika pa ukwati."

"Sizinali zanu."

"Eni akewo apita. Nenani, mungaphulike pano, ine ndilibe mphamvu zokunyamulani."

Ndiye ndinanena. Zonse, monga ndinazikonzera, kuyambira amene anafa ndi wanga. Magalimoto ankadutsa, wogulitsa nthochi anaima n'kumamvera, ine osasamala. Ndinanena za chisoti, za wailesi, za chingwe. Ndinanenanso kuti mwanayo anali wamwano ndipo achimwene anali ouma mutu. Pamenepo alamu anatulutsa kamphepo m'mphuno, kokhala ngati kuseka.

"Ouma mutu mukuwadziwa inu? Ine ndinagona nawo mutu umenewo pa pilo mmodzi."

Nditamaliza anayang'ana mapazi awo. Kenako anati, "Mwamva zimene amafunsa woweruza wamkazi uja?"

"Ine Chingerezi ndichitenge kuti?"

"Inenso sindichimva, koma mawu anga ndawazindikira, wa boma atawawerenga m'Chishona. Amafunsa za mtengo. Ine ndinauza khoti loyamba kuti ndinatuluka m'khitchini n'kuona mtengo uli m'manja mwa onse awiri, wina akukoka, wina akukoka. Mwana wanu anautaya, kapena unamupulumuka, sindikudziwa, amuna anga n'kugwa chagada. Anandifunsa kuti kodi anawamenya? Ndinati kumenya sindinaone. Anandifunsanso, ndinati sindinaone. Ana anga anandikwiyira. Inunso munandikwiyira. Ine ndinanena zimene maso anaona basi."

Ndinawayang'ana. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti anamukankhira m'dzenje ndi mayi ameneyu.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanauza tomato? Nkhope yanu inali kumeneko."

Kenako anawonjezera, mawu atauma, "Musaganize kuti ndamukhululukira, tete. Akanapanda kubwera ndi chingwe chake, amuna anga akanamwa tiyi m'mawa umenewo. Ndinali nditaika kale madzi pamoto."

 Tinagula nthochi kwa munthu uja, popeza anali ataima nthawi yaitali, n'kudya pomwepo. Pobwerera tinakwera kombi imodzi, iwo kutsogolo, ife kumbuyo. Anatsikira panjira ya kwawo, n'kulowa m'chimanga osacheuka.

Kudikira chigamulo kunali kwina. Ndinkapitabe ku mulu uja, koma ndinalibenso choti ndikonze. Mphepo inkanyamula mchenga, mchenga n'kukhala mchenga. Ndinkangowodzera, n'kudzuka nyerere zikundiyenda m'mapazi. Chimanga chinacha, chinauma, anthu anakolola. Tsiku lina ndikuchapa, mwana wanga wamkazi anafika ndi galimoto ya mnzake, asanatseke n'chitseko chomwe, akufuula aleluya kuyambira kumsewu.

"Amayi! Asintha! Ati sanaphe dala!"

"Lankhula bwino, usandigwetse."

Anandikhazika pa ndowa yovundikira n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Oweruza anati khoti loyamba silinalabadire bwino umboni wa mkazi wa malemu, komanso zimene dokotala anapeza, kuti bala linali limodzi, logwirizana ndi kugwa. Mlandu sunafafanizidwe. Anati analakwabe, chifukwa munthu wamkulu sukokana mtengo ndi nkhalamba yodwala chifuwa pafupi ndi zitsulo. Koma ndi mlandu wa kupha mosafuna, ndipo zaka anazidula kwambiri. Kuphatikiza ndi zimene anali atakhala kale, zotsala zinali zoti ndikhoza kuzipirira ngati ndimwa mankhwala anga.

Ndinamwa. Sindinayambe ndamverapo anamwino ngati nyengo imeneyo. Mchere ndinasiya, ukali ndinasiya, ngakhale nkhuku za aneba zikalowa m'dimba ndinkangozipempha kuti zituluke.

Anatuluka nthawi ya dzinja, kunja kuli mitambo yotsika. Sindinapite kukamuchingamira, miyendo inali itatupa. Ndinangoona mthunzi pakhomo. Anaima panja ndi kathumba kapulasitiki, imvi zitatuluka m'mbali mwa makutu, mano awiri apatsogolo palibe. Sanalowe. Ndinadikira, iye anadikiranso.

"Ukuima ngati wogulitsa sopo bwanji? Lowa."

Analowa, nakhala pansi pafupi ndi chitseko, manja ali pamaondo. Ndinamuikira chakudya, sanakhudze mpaka nditanena kuti idya. Atatha anapukuta mbale ndi chala mpaka inawala, n'kuibisa kumbuyo kwake. Sitinalankhule za malume ake tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Za mtsikana uja ndinamuuza ndine, kuti makolo ake anamutenga kalekale, ndipo mwana amene anabadwa ali kusukulu kwinakwake cha ku Shamva. Anangogwedeza mutu.

Mpaka lero ku Masembura sanapondeko. Amati adzapita akadzapeza nkhope yopita nayo, ine sindimukakamiza. Amagwira maganyu oumba njerwa, amabwera dzuwa lisanalowe, ndipo anthu ena amamuyankha moni, ena ayi.

Madzulo ena ndili pakhonde ndinaona akuzungulirazungulira pabwalo, akundiyang'ana, akuyang'ananso kuseri kwa nyumba, bambo wamkulu wa ndevu zake. Ndinafunsa chimene chavuta.

"Amayi, ndingapite kuchimbudzi?"

Ndinafuna kuseka, koma iye anali akudikira yankho.

"Pita, mwanawe," ndinatero. "Pano sapempha."

Anapita. Ndinamva chitseko cha lata chikulira, kenako ndinamva akuchitsekula ndi kuchitseka, kuchitsekula ndi kuchitseka, yekha, ndi dzanja lake.